Mwini Liwiro ndi Buleki

Takulandirani ku pologalamu yathu ya sayansi ndi luso la zomangamanga. Lero tikamba za makina odabwitsa, amene sanyamula katundu, sakufikitsa kumudzi, ndipo amakutsitsa pamalo pomwe unakwerera, komabe anthu amalipira ndalama n'kuima pamzere ola lathunthu kuti akwere mphindi ziwiri zokha. Ndikunena roller coaster, kasitima kaja ka m'mapaki a zisangalalo kamene ambiri timakaona pa kanema. Kamakwera mwakachetechete pa chitunda chachitsulo, kenaka n'kugwa chamutu, anthu akukuwa, manja ali m'mwamba. Abale athu a ku Joni ena anakakwerapo ku Gold Reef City, ndipo a ku Mangalande mwina anafikako ku Alton Towers.

Mukafunsa munthu amene wangotsika kumene kuti chamusangalatsa n'chiyani, adzakuuzani za kutalika kwa chitunda ndi za liwiro. Buleki saitchula n'komwe, ndipo akaitchula ndiye kuti akuidandaula. Koma ine lero ndabwera kudzaikira kumbuyo buleki. Chitunda chachitali aliyense wa ndalama angamange. Chimene chimasiyanitsa mmisiri ndi mmisiri mnzake ndi kagawidwe ka liwirolo kuyambira poyamba mpaka pomaliza, ndiponso malo amene wasankha kuti sitima ichepetsepo liwiro kapena iime.

Tiyambe ndi chinthu chimene ambiri sachidziwa. Sitima imeneyi ilibe injini. Mota ili pansi, ndipo ntchito yake ndi kukoka tcheni chimene chimakweza sitima mpaka pamwamba pa chitunda choyamba. Ikafika pamenepo, tcheni chimaisiya, basi. Mphamvu yonse imene idzayendere ulendo wonsewo yaperekedwa kamodzi, ndipo kuchokera apo imangocheperachepera. Ina imathera m'magudumu, ina imadyedwa ndi mphepo, ina imasanduka phokoso limene mumamva lija. N'chifukwa chake pa roller coaster ya mtundu umenewu chitunda chachiwiri chimakhala chachifupi kuposa choyamba, ndipo zitunda zimanka zifupikirafupikira mpaka kumapeto.

Inu amene munapalasapo njinga kudera la mapiri mukuidziwa kale nkhaniyi. Mumakankha njinga pa chikweza thukuta lili kamukamu, koma mukafika pamwamba mumadziwa kuti mtsetse ukubwezerani thukuta lanu. Tsono kutsogolo kukakhala kachitunda kena, nzeru zimafunika. Mukagwira buleki kwambiri potsetsereka, pa kachitundako mutsika n'kuyambanso kukankha. Mukapanda kugwira konse, pa kona ya kumunsi mukathera m'ngalande. Wopanga roller coaster ali pa vuto lomwelo, kungoti iye ayenera kuganiza zonsezi pa pepala ndi pa kompyuta chitsulo chisanadulidwe, ndipo anthu ake alibe mapedulo oti n'kuwonjezera mphamvu ikawathera panjira.

Manambala ake ndi osavuta kuwasunga. Sitima ikagwa mamita 20, pansi imafika ikuthamanga pafupifupi makilomita 70 pa ola. Kuti liwirolo liwirikize kawiri, kufika pa 140, chitunda chiyenera kutalika kanayi, mamita 80. Liwiro ndi lodula motero. Ndipo lili ndi khalidwe lina loopsa: pa kona, mphamvu yokanikiza thupi la wokwera imakula msanga kuposa liwirolo. Liwiro likangowonjezeka ndi 10 pa 100 aliwonse, kukanikiza kumawonjezeka ndi 21 pa 100. Likawirikiza kawiri, kukanikiza kumawirikiza kanayi. Kasiyanidwe kakang'ono ka liwiro, kamene diso silingakaone, ndi kamene kamalekanitsa kona yokoma ndi kona yothyola khosi.

Kale chigamulo chonsechi chinali m'manja mwa munthu mmodzi. M'chaka cha 1827, ku Mauch Chunk m'boma la Pennsylvania ku America, anamanga njanji ya makilomita pafupifupi 14 yotsitsira malasha kuchokera kuphiri kupita kumtsinje wa Lehigh. Mabogi ankatsika okha, nyulu n'kumawakokera kumtunda akakhuthula. Pa mabogiwo pankakhala munthu wogwira mpini wa buleki, ndipo ndi iyeyo amene ankaona ngati malasha afike bwino kapena amwazikire m'tchire. Anthu anayamba kupempha kuti akwere nawo, ndipo pofika m'ma 1870, malasha atapeza njira ina, njanjiyo inatsala ya alendo okhaokha ofuna kumva kukoma kwa mtsetse. Mu 1884 LaMarcus Thompson anatsegula kanjanji kake ka zosangalatsa ku Coney Island mu mzinda wa New York. Kankayenda makilomita pafupifupi 10 pa ola, liwiro loti mnyamata wothamanga angalipose, koma anthu ankachita kulimbirana.

Munthu wa buleki uja sanatheretu. Ku Luna Park mu mzinda wa Melbourne ku Australia kuli Scenic Railway imene inatsegulidwa mu 1912, ndipo wa buleki amaimirira pakati pa sitima, mpini uli m'manja. Ku Tivoli mu mzinda wa Copenhagen ku Denmark kuli Rutschebanen ya 1914, nayonso imayenda ndi munthu wa buleki. Chifukwa chake n'chakuti sitima zakalezi zimangokhala pamwamba pa njanji, palibe chozigwira kuti zisanyamuke. Zikafika pamwamba pa chitunda ndi liwiro lopitirira muyeso, zikhoza kudumpha. Ndiye wa buleki amamvetsera sitima yake: lero yadzaza kapena ili ndi anthu ochepa, njanji yanyowa kapena yauma. Akagwira kwambiri, sitima ikanika chitunda chotsatira. Akalekerera, aika anthu pangozi. Ulendo uliwonse umakoma mosiyana, malinga ndi dzanja la amene ali pa mpini tsikulo.

Zinthu zinasintha mu 1919, pamene mmisiri wa ku America, John Miller, analembetsa luso lake loika magudumu ena kunsi kwa njanji. Kuyambira pamenepo sitima inayamba kugwira njanji pamwamba, m'mbali ndi pansi, moti ngakhale ifune kuuluka, singachoke. Zitunda zinatalika, mitsetse inakhala yoimirira, ndipo wa buleki anatsika m'sitima. Koma ntchito yake sinathe, inangosamukira pa tebulo la wojambula mapulani. Kumvetsera kuja, kumene munthu ankachita ndi dzanja pa ulendo uliwonse, tsopano kunayenera kumangidwiratu m'maonekedwe a njanji ndi m'mabuleki okhazikika pansi.

Inde, mabuleki a ma roller coaster amakono ali pa njanji. M'sitima mulibe. Akale, monga a Cyclone ya ku Coney Island ya 1927, anali matabwa aatali okutidwa ndi chitsulo, oyalidwa pakati pa njanji. Wantchito akakoka mpini, matabwawo ankakwera n'kukhula kunsi kwa sitima mpaka iime. Mvula ikagwa, ankaterera. Kenaka kunabwera mabuleki opana. Kunsi kwa sitima amaikako chitsulo chopyapyala chachitali, ndipo pa njanji pamakhala zibwano ziwiri zimene zimachipana chikamadutsa. Nzeru yake yagona apa: mabuleki amenewa amapangidwa kuti pakakhala vuto azitseka okha. Mphamvu imafunika powatsegula kuti sitima idutse. Magetsi akazima kapena kompyuta ikasokonezeka, zibwano zimatseka, sitima n'kuima. Mfundoyi ndi imene George Westinghouse anaikhazikitsa pa sitima zapamtunda mu 1872, kuti paipi ya mpweya ikaduka, mabuleki agwire okha.

Koma chokhula chimatha, chimatentha, ndipo chimagwira modzidzimutsa. Choncho kumapeto kwa zaka za m'ma 1990 amisiri anatembenukira ku maginito. Chitsulo cha mkuwa kapena aluminiyamu chikamadutsa mwaliwiro pakati pa maginito amphamvu, mkati mwake mumabadwa timafunde ta magetsi, ndipo timafundeto timakana kuyenda kumene kwatibala. Lamulo limeneli analifotokoza Heinrich Lenz mu 1834, zaka 50 kanjanji ka Thompson kasanamangidwe. Palibe chokhudzana, ndiye palibe chakutha. Sipafunika magetsi a kunja, ndipo mvula siisokoneza. Chokoma kwambiri n'chakuti sitima ikabwera ndi liwiro lalikulu buleki imagwira zolimba, liwiro likamachepa nayo imafewa, moti okwera sagunditsa mitu. Millennium Force ya ku Cedar Point m'boma la Ohio, imene kampani ya Intamin inamanga mu 2000, ndi yotalika mamita 94 ndipo imafika makilomita 150 pa ola, koma pomaliza imachepetsa liwiro ndi maginito, mosalala. Chilema cha maginito n'chimodzi: popeza amagwira pokhapokha chinthu chikuyenda, sangaimitsiretu sitima. Pamapeto pake pamafunikabe buleki yopana kapena matayala oigwira.

Tsopano tifike pa ntchito ya mabuleki imene wokwera saiona, koma ndi imene imalamula mapulani onse. Paki imafuna kuti sitima ziwiri, zitatu kapena zinayi ziziyenda pa njanji imodzi. Ziletsedwa bwanji kugundana, pamene zilibe dalaivala? Yankho analibwereka ku njanji zenizeni. Njanji amaidula m'zigawo, ndipo kumapeto kwa chigawo chilichonse kumakhala malo amene sitima ingaimitsidwe kotheratu: siteshoni, chitunda cha tcheni, kapena mzere wa mabuleki. Lamulo ndi limodzi, losakambirana: chigawo chimodzi, sitima imodzi. Timakina tozindikira sitima timauza kompyuta pamene iliyonse ili, ndipo kompyuta silola sitima kulowa m'chigawo mpaka ya kutsogolo itatulukamo. Zigawo ziyenera kuchuluka kuposa sitima, apo ayi palibe imene ingasunthe. Matterhorn Bobsleds ya ku Disneyland, ya 1959, imene inali yoyamba kuyenda pa njanji ya mapaipi achitsulo, ndi imodzi mwa zimene zinatsegula njira imeneyi yoyendetsa timabogi tambiri nthawi imodzi.

Tiwerengetsere limodzi kuti muone chifukwa chake mwini paki amaumirira. Tiyerekeze sitima ya anthu 32, ulendo wa mphindi zitatu, kutsitsa ndi kukweza anthu mphindi imodzi ndi theka. Ndi sitima imodzi, pa ola mukwera anthu ongopitirira 400. Koma mutakhala ndi sitima zitatu, imodzi ikunyamuka pa masekondi 90 aliwonse, pa ola mukwera anthu 1,280. Mzere ufupika, alendo asangalala, ndalama zilowa. Mtengo wake ndi wotani? Kuti sitima zitatu ziyende bwino, nthawi zambiri pafunika mzere wa mabuleki pakati pa ulendo. Malowo ayenera kukhala owongoka, aatali mokwanira kuimitsa sitima yodzaza, ndiponso okwera m'mwamba, kuti sitima ikaimitsidwa pamenepo n'kumasulidwa, ikhale ndi mphamvu yomalizira ulendo kuyambira pa liwiro la ziro. Ndiye kuti gawo lonse lachiwiri la njanji liyenera kugwira ntchito pa maliwiro awiri: la sitima yodutsa ikuthamanga, ndi la sitima yoyamba itaima. Wojambula mapulani amayamba wadzifunsa kuti sitima idzaima pati, kenaka ndi pamene amajambula zokhotakhota zosangalatsa zija.

Lamulo la zigawo likaphwanyidwa, zotsatira zake n'zomvetsa chisoni. Pa 2 June 2015, ku Alton Towers, pa roller coaster yotchedwa The Smiler, anatumiza sitima yopanda anthu kuti aiyese. Kunali mphepo yamphamvu, ndipo sitimayo, pokhala yopepuka, inakanika kukwera malo ena n'kutsakamira pakati pa njanji. Kompyuta inachita ntchito yake: inaona kuti sitima ija sinatuluke m'chigawo chake, ndipo inaimitsa sitima yotsatira, imene inali ndi anthu 16. Koma mainjiniya amene anali pa ntchito, posadziwa kuti pa njanji pali sitima yowonjezera, anaganiza kuti kompyuta yalakwitsa. Anaichotsera chiletsocho ndi manja. Sitima ya anthu inakagunda yopanda anthu ija. Anthu asanu anavulala kwambiri, ndipo atsikana awiri anadulidwa mwendo aliyense. Mu September 2016 khothi linalipiritsa kampani ya Merlin, eni paki, mapaundi 5 miliyoni, poona kuti kampaniyo inalibe ndondomeko yokwanira yotsogolera antchito ake pa nthawi ngati imeneyo. Mabuleki anali abwinobwino. Chimene chinasowa ndi lamulo lakuti makina akakana, munthu apite kaye akaone ndi maso ake njanji yonse asanawatsutse.

Tipumeko pang'ono. Tikabweranso, tiona mmene thupi la munthu, nyengo ndi mantha zimalamulira kagawidwe ka liwiro.

(KANYIMBO)

Takulandiraninso, omvera. Tikukamba za mabuleki ndi liwiro pa ma roller coaster.

Chitsulo chimapirira zambiri, koma thupi la munthu lili ndi malire. Sitima ikafika pansi pa mtsetse n'kuyamba kukhota, wokwera amamva ngati kulemera kwake kwawirikiza katatu, kanayi, pena kasanu. Kwa kamphindi kochepa thupi limapirira. Zikapitirira masekondi angapo, magazi amathawira kumiyendo, maso amayamba kuchita chidima, ndipo munthu akhoza kukomoka. Amisiri oyamba anaphunzira zimenezi mowawa. Flip Flap Railway ya ku Coney Island, ya 1895, inali ndi chizungulire chobulungira ndendende, ndipo okwera ankatsika makosi akupweteka. Vuto linali lakuti sitima imalowa m'chizungulire ili pa liwiro lalikulu, n'kufika pamwamba italefuka. Injiniya wa ku Germany, Werner Stengel, anakonza zimenezi pa Revolution ya ku Magic Mountain ku California mu 1976. Chizungulire chake ndi chotakasuka pansi pamene liwiro ndi lalikulu, n'kumanka chipanikizika pamwamba pamene liwiro lachepa. Njanji inatsata liwiro.

Ngakhale masiku a makompyuta ano, masamu ndi thupi nthawi zina zimasemphana. Mu 2010 paki ya Kings Dominion m'boma la Virginia inatsegula Intimidator 305, yotalika mamita 93. Ikangotsika mtsetse woyamba, inkalowa pa kona yaitali yogona pansi, ili pa liwiro la makilomita oposa 140 pa ola. Okwera ambiri anayamba kunena kuti pa konayo maso awo akuchita mdima. Mankhwala a msangamsanga anali kuika mabuleki a maginito pa mtsetse woyamba womwewo, kuti sitima ifike pa kona itachepako liwiro. Zinathandiza, koma taganizani: mwalipira ndalama zankhaninkhani kumanga chitunda cha mamita 93, kenaka mukulipiranso kuti mutaye gawo la liwiro limene chitundacho chakupatsani. Nyengo ya alendo itatha, anamasula konayo n'kuimanganso motakasuka, ndipo mu 2011 mabuleki a pa mtsetse aja anachotsedwa.

Mabuleki ochepetsa liwiro oterewa, amene saimitsa sitima koma amangoishashako pang'ono, okonda ma roller coaster amadana nawo kwambiri. Komabe tisawaweruze msanga. Sitima yomweyo, pa njanji yomweyo, siyenda mofanana tsiku lonse. M'mamawa kukuzizira, girisi wa m'magudumu amakhala atagwirana, ndipo sitima imayenda mwaulesi. Madzulo kutatentha, itazungulira maulendo ambirimbiri, imakhala ikuuluka. Yodzaza anthu imasunga liwiro kuposa yopanda anthu, n'chifukwa chake poyesa roller coaster yatsopano amakhazika pa mipando zidole zodzaza madzi. Mphepo nayo imawonjezera kapena kuchotsera. Tsono mmisiri ayenera kuonetsetsa kuti sitima yaulesi ya m'mamawa ikwera zitunda zonse, ndiponso kuti yolusa ya madzulo sivulaza munthu. Njira yake ndi kupereka liwiro lochulukirapo, kenaka n'kuika buleki yoyeza. Kompyuta imaona liwiro la sitima ikamadutsa. Ngati lili bwino, buleki siigwira n'komwe. Ngati lapitirira, imaikhudza pang'ono. Ndi wa buleki wa ku Melbourne yemwe uja, wangovala zitsulo.

Choipa ndi pamene buleki yoteroyo yaikidwa kuti ibise kulakwa kwa mapulani. Mean Streak ya ku Cedar Point, roller coaster ya matabwa ya 1991, inali yaikulu moti liwiro lake linkagwedeza ndi kuwononga matabwa ake omwe. Patapita zaka zochepa anaika mabuleki pa mtsetse woyamba. Sitima inayamba kulowa m'njanji yaitaliyo ili yofooka kale, ndipo ulendo unatsala wogwedeza mafupa koma wosasangalatsa. Mizere ya anthu inafupika. Mu 2016 anaitseka, ndipo kampani ya Rocky Mountain Construction inayala njanji yachitsulo pa mizati yomweyo, n'kusintha maonekedwe a zitunda ndi makona. Inatsegulidwanso mu 2018 ndi dzina lakuti Steel Vengeance, ndipo okonda masewerawa amaiwerengera pa zabwino koposa padziko lonse.

Koma buleki ili ndi ntchito inanso, imene ine ndimaikonda koposa: kusewera ndi mtima wa munthu. Thupi silimva liwiro palokha, limamva kusintha kwa liwiro. Mu ndege mumamwa tiyi mukuyenda makilomita 800 pa ola. Ndiye kuti liwiro limveke, payenera kukhala kudekha pambali pake. Mu 1998 Alton Towers inatsegula Oblivion, yomangidwa ndi kampani ya ku Switzerland ya Bolliger & Mabillard. Sitima ikafika m'mphepete mwa phompho, imapendekeka kuyang'ana pansi, kenaka n'kugwidwa. Imalendewera pamenepo mpaka masekondi atatu, okwera akuyang'ana dzenje lakuda limene akukalowa, kenaka imamasulidwa n'kugwa mamita 55. Kugwako sikutenga nthawi. Chimene anthu amakasimba kunyumba ndi masekondi atatu aja. Ku Gold Reef City, paki yomangidwa pa mgodi wakale wa golide, Tower of Terror ya 2001 imachita zofananako. Kabogi amakakankhira m'mphepete pang'onopang'ono, mwadala, kenaka kamagwa choimirira pafupifupi mamita 50, n'kulowa pansi pa nthaka. Kuchedwa kuja kuli m'mapulani mofanana ndi kugwako.

Ku Cedar Point kunali zitsanzo ziwiri zoyandikana zimene zimaonetsa nkhaniyi bwino. Top Thrill Dragster, ya 2003, inkaponya sitima kuchokera poima kufika makilomita 193 pa ola m'masekondi osakwana anayi, n'kuikweza nsanja ya mamita 128, kutsika, mabuleki, basi. Ulendo wonse sunkakwana theka la mphindi. Chifukwa nthawi zina sitima inkakanika pamwamba n'kubwerera chafutambuyo, pa njanji yoponyera panali mabuleki a maginito amene ankabisala sitima ikamanyamuka, n'kudzuka ikangodutsa, kuti ikabwerera aiwakhe. Popanda mabuleki amenewo palibe akanayerekeza kuponya anthu motero. Pafupi pomwepo pali Maverick, ya 2007, yotalika mamita 32 okha. Pakati pa ulendo imachepetsa liwiro n'kulowa m'ngalande yamdima, wokwera n'kuganiza kuti zatha. Mumdimamo ma mota a maginito amaiponyanso mpaka makilomita oposa 110 pa ola. Apa buleki ya pakati, imene pa ma roller coaster ena imapha ulendo, yasanduka msampha wokoma. Dragster inkapereka zonse nthawi imodzi. Maverick imakupatsa, kukulanda, n'kukupatsanso, ndipo ngakhale ndi yaifupi kanayi, anthu ambiri amaikonda kuposa zimphona zoizungulira.

Palinso njira yogawira liwiro popanda buleki ya pakati. Ku Alton Towers malamulo a deralo salola kumanga chinthu chopitirira mitengo. Pamene John Wardley ankakonza Nemesis, imene inatsegulidwa mu 1994, anaphwanya thanthwe n'kukumba chidzenje chachikulu, njanji n'kuiyala momwemo. Sitima imachoka pa chitunda cha tcheni n'kumanka itsikiratsikira m'dzenjemo. M'malo mowononga mphamvu yonse pa mtsetse woyamba, imaitapa pang'onopang'ono, moti liwiro lake lalikulu, pafupifupi makilomita 80 pa ola, limafika ulendo uli mkati. Njanji yake ndi yaifupi, mamita ongopitirira 700, ndipo imatha sitima ikadali ndi ukali. Makilomita 80 pa ola ndi liwiro wamba pa msewu, koma mapazi akamadutsa pafupi ndi miyala, kona ikutsatana ndi kona popanda popumira, limamveka ngati lowirikiza. Akuluakulu anati kuthamanga si kufika, ndipo Nemesis ikuonetsa kuti kuthamanga si kusangalatsanso.

Ndiye tiweruze bwanji? Ine ndimagawa mabuleki a roller coaster patatu. Pali oteteza moyo, amene amalekanitsa sitima ndi kuziimitsa pomaliza. Amenewa ndi osakambirana, ndipo munthu asawatsutse asanaone ndi maso. Pali oyeza, amene amalinganiza m'mawa ndi madzulo, sitima yodzaza ndi yopepuka. Amenewa ndi abwino ngati amagwira pokhapokha pakufunika. Ndiye pali ophimba manyazi, oikidwa pambuyo chifukwa kona yathina kapena matabwa akulira. Amenewa amapulumutsa nyengo imodzi ya malonda, koma paki yanzeru imachita zimene Kings Dominion inachita, kubwerera ku njanji n'kukonza pamene palakwika. Mmisiri wabwino amachepetsa liwiro ndi chitunda, chifukwa chitunda chimabweza mphamvu imene chatenga sitima ikamatsika. Buleki sibweza kanthu, imasandutsa liwiro kukhala kutentha, kotero aliyense woiika ayenera kunena chimene wagula nayo: chitetezo, mzere waufupi, kapena masekondi atatu a mantha. Ngati sangathe kunena, buleki imeneyo yaikidwa pamalo olakwika.

Kwa achinyamata amene mukuphunzira sayansi ku sekondale, masamu onse amene takamba lerowa ali m'mabuku anu a Fizikisi: mphamvu ya chinthu chokwezedwa, mphamvu ya chinthu choyenda, kukhulana, ndi maginito. Tengani nkhani ya mamita 20 ndi 80 ija mukaiwerengetsere nokha, muone ngati ndakunamizani. Nthawi yathu yathera pomwepa.